Msana wopweteka ndi thupi lotentha si wa Brufen ayi

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mlamu wanga amapha nsomba ku Malombe, ndi munthu amene sindinamumvepo akudandaula ngakhale atakoka chilimira usiku wonse. Atayamba kulira ndi msana, mudzi wonse unasanduka madokotala. Wina akuti ndi nkhafi, wina akuti wakalamba msanga, anzake kudoko kumamuseka kuti wachulutsa za kuchipinda. Anamugulira Brufen pagolosale, anamugulira Indocid, thupi litatentha anati ndi malungo namupatsa LA osayezetsa n'komwe. Azakhali anabwera ndi lumo kudzamutema mphini m'chiuno monse. Munthu akuonda, usiku akunyowa ndi thukuta, akuyenda motsimphina mwendo wakumanja utapindika, koma anthu ali pomwepo: ndi msana basi, upola.

Kuchipatala atamuunika ndi sikani anapeza chithupsa chodzaza mafinya mkati mwenimweni, m'mnofu umene madokotala amautcha psoas. Mnofu umenewu umayambira pa mafupa a msana cha m'munsi, n'kudutsa m'chiuno mpaka kukagwira fupa la ntchafu, ndipo ndi umene umakweza mwendo tikamayenda. Chithupsa chili kumeneko, inu mukutema khungu pamwamba. Lumo lifika bwanji? Kuthowa ndi madzi otentha kufika bwanji? Brufen angoziziritsa ululu pang'ono, mafinya ali kuwonjezekera.

Musandimve molakwa. Ndikudziwa kuti misana yambiri imapweteka ndi ntchito, kulima, kupalasa kabaza, kusenza mabasiketi a usipa, ndipo imapola yokha munthu akapuma. Chithupsa cha mkati chotere n'chosowa. Koma kusowa kwakeko ndi kumene kumapha, chifukwa palibe amene amachiganizira. Msana wa ntchito sutenthetsa thupi. Msana wa ntchito suondetsa munthu. Msana wa ntchito sumupangitsa munthu kugona atapinda bondo chifukwa akangowongola mwendo akukuwa ngati wabayidwa. Mukaona zimenezo pamodzi, kapena ululu ukutsikira m'mphechepeche ndi m'ntchafu, ukukula tsiku ndi tsiku osamva mankhwala, siyani zonse mupite naye kuchipatala. Ndabwereza dala, chifukwa ena simumva kamodzi: msana, kutentha thupi, kutsimphina. Zitatuzi sizibwera zonse pa aliyense, ena amangokhala ndi chimodzi kapena ziwiri, n'chifukwa chake matendawa amazemba ngakhale ophunzira.

Choyambitsa ndi tizilombo toyenda m'magazi monga Staphylococcus aureus, kapena TB ya m'mafupa a msana, ndipo odwala shuga ndi amene chitetezo chawo chatsika ndiwo amagwidwa msanga. Zimenezo madokotala ndi amene adziwe. Inu ntchito yanu ndi kumufikitsa munthu kumeneko akadali ndi mphamvu.

Ndipo mukafika, lankhulani zonse. Ichinso chimandinyansa. Munthu wadwala masabata ambiri, akalowa m'chipinda cha adokotala amangoti "msana, adokotala," basi. Mzere uli panja mpaka pakhonde, mukuganiza kuti akulemberani chiyani? Panado, mubwerere. Nenani kuti thupi likutentha madzulo aliwonse, nenani kuti buluku layamba kukhwepa, nenani kuti mwendo sukuwongoka, nenani kuti malungo anayeza sanawapeze. Ngati munatsokomolapo nthawi yaitali kapena munamwapo mankhwala a TB, nenaninso, si zamanyazi. Mukamwa mankhwala osasintha, bwereraniko mukafunse ngati sangakuunikeni m'mimba. Safunsa anadya phula. Chithupsachi chikapezeka msanga amachipopa mafinya kapena kuchita opaleshoni, n'kupereka mankhwala opha tizilombo, anthu amachira n'kubwerera kunyanja. Chikasiyidwa, tizilombo timalowa m'magazi monse, ndipo pamenepo ndi pamene mumayamba kusaka mfiti pakati pa agogo osalakwa.

Pali anthu ku Makanjira, ku Namwera, ku Katuli amene ulendo wopita kuboma ndi ndalama yeniyeni, ndikumvetsa. Koma werengani zimene mwataya kwa asing'anga, nkhuku, mbuzi, ndi mapilisi ogula limodzilimodzi, muone ngati sizikanakwana thiransipoti.

Nanga awa ogulitsa mankhwala pamsika, amene amayala makapusolo padzuwa la Mangochi lino pambali pa sopo ndi machesi, anawapatsa chilolezo ndani? Mnyamata sanamalize ndi fomu 2 yomwe, koma akukuuza molimba mtima kuti "awa ofiira ndi akuda ndi a msana, mumwe awiri m'mawa." Anthu n'kumagula, makapusolo anayi, kumwa, kusiya. Tsiku limene mankhwala enieni adzafunike tizilombo tidzakhala titawazolowera kale. Akuluakulu amadutsa pamsika pomwepo tsiku lililonse, ena amagula nawo.