"Luck out" ndi mwayi, si tsoka

Munthu wa ku America akalemba kuti "I lucked out", musathamangire kumupepesa. Ameneyo wachita mphumi. Akutanthauza kuti zinthu zamuyendera bwino mwamwayi chabe, osati chifukwa cha nzeru kapena khama lake.

Chimene chimasokeretsa ambiri ndi kamawu kakuti "out". Tinazolowera kukamva pa zinthu zotha. Shuga akatha m'nyumba amati "run out", matikiti akatha ndi "sold out", ndipo amene mwayi wamuthawa ndi "out of luck". Ndiye mutu umangoganiza kuti "lucked out" nayenso ndi watsoka. Ayi ndithu. Mu "out of luck", mawu akuti luck ndi dzina ndipo mwayiwo watha. Mu "luck out" ndi mneni, ndipo mwayiwo wakugwera.

Poti ndi mneni, nthawi imasinthira pa luck pomwepo: "lucked out", osati "luck outed". Komanso simungaike dzina la chinthu mwachindunji pambuyo pake, pamafunika "with" kapena "on". Mvula ikakhala kuti inawopseza m'mawa wonse koma osagwa pa tsiku la ukwati, eni ake anganene kuti "We lucked out with the weather". Ngati mukufuna kutchula chimene munthu wachipeza osachiyembekezera, pali m'bale wake, "luck into". "She lucked into a job" ndiye kuti ntchito inachita kumupeza yokha.

Samalaninso katchulidwe. Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha, ndiye luck, look ndi lock amatha kumveka ngati amodzi pakamwa pathu. Yesani motere: laki, luku, loko, kenako mudule kavawelo kakumapetoko. "Look out" ndi kuchenjeza munthu, ndipo "locked out" ndi amene wakiyiridwa panja.

Maganizo anga ndi akuti mawuwa muwadziwe bwino kuti muziwamva, koma musamawawaze paliponse. Ndi mawu ochezera, a pa WhatsApp ndi pakati pa anzanu. M'kalata yofunsira ntchito kapena m'chimangirizo cha mayeso a MSCE lembani "I was fortunate". Abale athu amene ali ku Britain adziwenso kuti kumeneko ena amawamva mosemphana, ngati kuti mwayi wakutherani, choncho "I got lucky" ndi amene sangakusokonezeni.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi kuwanena kwa munthu wolakwika. Mwana wakhala akuwerenga ndi tochi mpaka pakati pa usiku chaka chonse, wakhoza, inu n'kumulembera kuti "You lucked out". Mwina mumati mukumuyamikira, koma mwamuuza kuti anangotola. Thukuta lake lonse mwalifufuta. Ameneyo muuzeni kuti "You earned it". "Lucked out" musungireni amene wapeza mpando wotsiriza m'basi yomaliza ya ku Mzuzu.