CHENJEZO: Gauni yoyera si sukulu, abale anga a ku Kasungu

Ndalama za fodya zikangoyamba kutuluka ku Chinkhoma, nawo "madokotala a zachilengedwe" amabuka ngati inswa. Gauni yoyera, kamakina kolumikiza ku laputopu, mwagwira kachitsulo mphindi ziwiri basi akuti impso zatopa, magazi ndi akuda, gulani mabotolo atatu. Inu mukugula! Osafunsa n'komwe kuti achimwene munaphunzira kuti, zaka zingati?

Alamu anga a ku Santhe anasiya mankhwala a BP omwe amalandira ulere kuchipatala chifukwa mnyamata wina pamsika anawauza kuti mapilisi ndi poizoni, ndalama ya belo lathunthu inathera m'mabotolo, sipanathe miyezi iwiri tinawatola kuseri kwa chigafa pakamwa patapotoka, mkono wamanja osagwira. Ndikulemba izi mtima ukuwawa.

Tamverani. Dokotala wa ku KUHeS, yunivesite yathu ya zaumoyo, amakhala zaka 5 pa digiri yokha, ena 6 ndi chaka chokonzekera, akatero amakagwira ntchito m'mawodi usiku ndi usana akuyang'aniridwa ndi akuluakulu, ndipo dzina lake limalembedwa ku Medical Council of Malawi. Akalakwitsa pali kokamusumira. Ku America komwe naturopathy, udokotala wa zachilengedwe womwewu, ili ndi masukulu ake ngati Bastyr University, amaphunzira zaka 4 n'kulemba mayeso a NPLEX, komabe madokotala akumeneko amawadzudzula kwambiri poti amaphunzitsanso homeopathy, ija yosungunula mankhwala m'madzi mpaka osatsalamo kanthu, ndipo ambiri amamaliza osadutsa zaka zija zogonera m'chipatala ndi odwala akayakaya. Zigawo zina za dzikolo siziwapatsa n'komwe laisensi. Ngati a zaka 4 akukayikiridwa chonchi, nanga uyu wa satifiketi ya miyezi itatu ya pa intaneti, yopachika mu felemu yagolide?

Zitsamba sindikuzinyoza ayi, ndakulira nimu ndi mandimu ine. Koma agogo anga matenda akawakulira ankanena okha kuti apa thamangani kuchipatala, sankadzitcha dokotala.

Inu a shuga, a BP, inu a ma ARV makamaka, musasiye mankhwala chifukwa cha kamakina. Ana inu amene mumatumiza ma voisi noti a anthu amenewa m'magulupu a WhatsApp a mpingo, lekani, makolo anu amakhulupirira chilichonse chochokera pa foni.

Alamu pano akuyendera ndodo. Mabotolo awiri akadali pawindo osatsegula, nambala ya mnyamata uja siikupezekanso.