Tisamafulumire kuvomera mlandu wa tik pofuna kutuluka msanga m'chitokosi

Pali funso limene limabwera kawirikawiri m'magulu athu a pa WhatsApp, ife Amalawi okhala ku Cape Town ndi ku Johannesburg, ndipo limabwera usiku: mwana wa achemwali apolisi amugwira ndi tik, tisonkhe ndalama zingati kuti atuluke mawa? Maganizo anga ndi akuti changu chimenechi, ngakhale chimachokera m'chikondi, ndi chimene chawonongera anyamata athu ambiri tsogolo kuposa mmene chilango cha khoti chikadachitira.

Tik ndi dzina limene anthu a kuno adapatsa methamphetamine, timibulu toyera tonga mchere timene amasutira m'kapaipi kagalasi kotchedwa lolly. Idayamba kufala m'madera a Cape Flats kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo lero ikupezeka m'makomboni ambiri amene anthu athu amachitako lendi. Lamulo loweruzira milandu yake ndi Drugs and Drug Trafficking Act ya mu 1992, limene limati wopezeka ndi mankhwalawa akhoza kulipitsidwa chindapusa, kapena kukhala m'ndende mpaka zaka 15, kapena kulandira zonse ziwiri, pamene wogulitsa akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 25. Lamulo lina la mu 1997 lidawonjezera kuti ngati mtengo wa mankhwala ogulitsidwawo wapitirira R50,000, chilango cha wolakwa koyamba chisachepere zaka 15 pokhapokha pali zifukwa zamphamvu zochichepetsera. Manambala amenewa ndi amene amaopsa makolo, koma zaka 15 za wopezeka ndi tik ndi malire a chilango chachikulu, osati chimene aliyense wogwidwa ndi kapaketi kamodzi amalandira.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti kupezeka pafupi ndi mankhwala si mlandu pakokha. Woimira boma ayenera kutsimikizira khoti, popanda chikayiko chomveka, kuti mankhwalawo adali m'manja kapena mu ulamuliro wa woimbidwa mlanduyo, ndiponso kuti iyeyo ankadziwa kuti alipo komanso kuti ndi oletsedwa. Kale lamulo la mu 1992 lija lidali ndi ndime yonena kuti mankhwala akapezeka pafupi ndi munthu, khoti liziyesa kuti ndi ake kufikira iye atasonyeza kuti si ake, koma Constitutional Court, khoti lalikulu loona za malamulo aakulu a dziko, idathetsa ndimeyi mu 1998 pa mlandu wa Mello, chifukwa imasenzetsa woimbidwa mlandu katundu amene malamulo aakulu a dziko amati ndi wa boma. Nkhaniyi ikutikhudza ife kwambiri chifukwa cha mmene timakhalira. Anyamata anayi kapena asanu amagona m'chipinda chimodzi cha lendi, wina amagwira ntchito ya ulonda usiku, wina ya m'munda wa mpesa masana, chitseko sichikhomedwa, ndipo alendo amalowa ndi kutuluka. Kapaketi kakapezeka kunsi kwa matiresi m'chipinda chotere, apolisi amatenga amene amupeza, koma kutsimikizira kuti kadali kake ndi ntchito ina imene boma nthawi zina limailephera. Mnyamata akangoyankha kuti inde pamaso pa majisitireti, amakhala wawachotsera ntchito yonseyo.

Pali ndi nkhani ya kachitidwe ka chipikisheni. Mu 2016, pa mlandu wa Kunjana, khoti lomwelo lidathetsa mphamvu imene lamulo la mu 1992 lija linkapatsa apolisi yolowa ndi kufufuza paliponse popanda chikalata chochokera kukhoti. Izi sizitanthauza kuti apolisi sangafufuze konse popanda chikalata, chifukwa Criminal Procedure Act, lamulo la kazengedwe ka milandu, imawalola ngati mwini malo wavomera, kapena ngati ali ndi zifukwa zomveka zokhulupirira kuti kudikira chikalata kupereka mpata wobisa umboni. Koma zifukwazo amayenera kukazifotokoza m'khoti atalumbira, ndipo ndime 35 ya malamulo aakulu a dziko imati umboni wopezeka mophwanya ufulu wa munthu uchotsedwe ngati kuulandira kungachititse kuti mlandu usazengedwe mwachilungamo. Ndiponso mawu a wapolisi akuti timibulu toyerato ndi tik sakwanira. Pamafunika lipoti lochokera ku labotale ya apolisi, ndi umboni wosonyeza kuti thumba lomata limene lidayezedwa ndi lomwelo limene lidatengedwa m'chipindamo.

Sindikunyoza amene amavomera, chifukwa ndikudziwa chimene amathawa. Munthu wa kunja amene alibe adiresi yodalirika, kapena amene chiphaso chake chokhalira m'dziko chidatha, savomerezedwa belo mosavuta, ndipo kudikira lipoti la ku labotale uli pa rimandi ku ndende ya Pollsmoor ku Cape Town kapena ku ndende ya Johannesburg imene anthu amaitcha Sun City kukhoza kutenga miyezi, ntchito n'kutha, lendi n'kuunjikana. Wina akakunong'oneza kuti ungovomera, ulipire kachindapusa, upite kwanu lero, zimamveka ngati chifundo. Komatu mlandu suwola. Chindapusa chovomerera mlandu chimalembedwa ngati chigamulo chakuti munthuyo ndi wolakwa, dzina ndi zidindo za zala zimalowa m'kaundula wa apolisi, ndipo kupempha kuti zifufutidwe kumatheka pakatha zaka 10. Kwa mzika ya South Africa zimenezi zimavuta pofuna ntchito, koma kwa Mmalawi zimafika pena, chifukwa ndime 29 ya Immigration Act ya mu 2002 imaika wopezeka wolakwa pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo m'gulu la anthu osaloledwa kulandira viza kapena chilolezo chokhala m'dzikoli. Amene amaganiza kuti akupita kunyumba akhoza kudzipeza ali ku Lindela, malo osungirako alendo obwezedwa kwao a ku Krugersdorp, akudikira basi yobwerera kumudzi.

Ena adzanena kuti ndikuikira kumbuyo osuta. Ndaona zimene tik amachita: munthu osagona masiku atatu, kuwonda, kukayikira aliyense, kugulitsa ketulo ndi foni ya amayi ake. Koma mu Julayi 2024 apolisi a Hawks adapeza fakitale ya mankhwalawa pa famu ina ku Groblersdal, m'chigawo cha Limpopo, ya katundu woyerekezedwa kufika R2 biliyoni, ndipo ena mwa ogwidwa adali a ku Mexico. Anthu a msinkhu umenewo salowa m'khoti opanda loya, ndipo sindikuona chifukwa choti mnyamata wa kapaketi kamodzi alowemo yekha. Ngati iyeyo amasutadi, loya akhoza kupempha khoti kuti limutumize kumalo othandizira omwerekera m'malo mwa ndende, njira imene Criminal Procedure Act imailola.

Wogwidwa ali ndi ufulu wokhala chete, wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48 kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene khoti silikugwira ntchito, wopempha womasulira m'Chichewa, wopempha loya wa Legal Aid South Africa ngati alibe ndalama, ndiponso wopempha kuti ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria idziwitsidwe. Choncho abale tikamasonkhana usiku umenewo, tiyambe tafunafuna pasipoti yake, pepala la mwini nyumba losonyeza kumene amakhala ndi kalata ya abwana ake, popeza izi ndi zimene majisitireti amayang'ana poganizira za belo, ndipo mmodzi wa ife alawirire kukhoti kukauza mnyamatayo kuti asasaine pepala lililonse asanalankhule ndi loya.