Rugby inasamukira ku Ulaya, December wathu anapita nayo

Chichokereni matimu anayi akuluakulu a rugby a kuno ku Joni mu Super Rugby, ife ogwira ntchito m'mabala a ku Pretoria sitinapumenso. Bulls, Lions, Sharks ndi Stormers analowa ligi ya ku Ulaya m'chaka cha 2021. Eni matimu ndi a kanema akamawerengera phindu la msamukowu, palibe amene amafunsa weta kapena wotsuka matambula kuti zikumuyendera bwanji. Ndiye ndidzilankhulire ndekha.

Inu muli kumudzi mwina simutsata masewerawa. Super Rugby inayamba mu 1996, matimu a South Africa akulimbana ndi a New Zealand ndi Australia. Mpikisano unkayamba mu February n'kutha m'nyengo yozizira. Covid itabuka mu 2020 ndege zinaima, a New Zealand n'kuyamba kusewera okhaokha, akuno n'kuona kuti kumeneko malo awathera. Anatembenukira kumpoto, n'kulowa mu United Rugby Championship, ligi ya matimu 16 momwe muli a Ireland, Wales, Scotland ndi Italy.

Zabwino zilipo, sindingazibise. New Zealand ili patsogolo pathu ndi maola 10, choncho masewero a madzulo ku Christchurch kuno ankaoneka m'mawa. Tinkatsegula bala kusanafunde, makasitomala n'kuitanitsa khofi ndi mazira, tipu yake yosagula ngakhale buledi. Ulaya ndi ife nthawi imasiyana ndi ola limodzi kapena awiri basi. Masiku ano masewero amagwa masana ndi usiku, anthu amamwa, amadya nyama, dzanja limamasuka. Tsiku limene Bulls inalandira Glasgow Warriors pa ndime yomaliza ya ligiyi pa bwalo la Loftus Versfeld kuno ku Pretoria mu 2024, inagonja 21-16, koma m'mabala ozungulira bwalolo ndalama zinayenda. Pabwalo napo matimu akuno sanachite manyazi: Stormers inatenga chikho chaka choyamba chomwe, mu 2022, ndipo Sharks inapambana chikho china cha ku Ulaya, Challenge Cup, mu 2024 ku London.

Koma chimene anatilanda ndi December.

Amene anakhalako ku Gauteng akudziwa kuti mwezi umenewu tauni imakhala pululu. Mafakitale ndi amakontilakiti amatseka, azungu amathamangira kunyanja ku Durban ndi Cape Town. Kale rugby ikakhala itatha, bwana ankachita kutikankha yekha kuti tengani tchuthi. Tinkakwera basi ku Park Station, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka kulowa pa Mwanza, titanyamula mafuta ophikira, mabulangete ndi nsapato za ana. Sikunali kukadya Khirisimasi kokha ayi. Imeneyo ndi nyengo ya dzinja, mvula yagwa, chimanga chamera, pakufunika kupalira ndi kuthira feteleza. Munthu unkafika n'kuona ndi maso ako kuti ndalama unatumiza zija zinagulidwadi matumba angati, aganyu alima mpaka pati, denga likudontha kapena ayi.

Tsopano ligi ya ku Ulaya imayamba mu September n'kutha mu June. December ndi January ali pakatikati penipeni. Ndi miyezi yomweyo imene kumakhala Champions Cup, mpikisano wa matimu apamwamba a ku Ulaya, umene matimu akuno analowa mu 2022, ndiponso ndi pamene Bulls, Sharks, Lions ndi Stormers amakumana okhaokha. Ukapempha tchuthi bwana amangokuloza pakhoma pamene anamata ndandanda wa masewero. Wanga anandiuza mosapsatira kuti ndikapita ndisabwerenso, pakhomo pali anyamata ambiri ofuna ntchito. Ungakasume kuti, iwe mlendo amene pemiti yako imadalira kalata ya bwana yemweyo? Mayi anga akukalamba, munda akuyang'anira ndi mlamu wanga, ine ndimangomva pa WhatsApp kuti zonse zili bwino. Zokolola zikachepa sindidziwa ngati ndi mvula kapena feteleza anagulitsidwa.

Matipu ausiku aja nawonso ali ndi mtengo wake. Masewero a ku Ireland akayamba mochedwa, timatseka bala pakati pa usiku. Matakisi opita ku Mamelodi amakhala atasiya kalekale. Ukaitana galimoto ya pafoni, theka la tipu lapita. Ukati uyende wapansi, ukumana ndi matsotsi kapena wofunsa mapepala amene sakufuna mapepalawo koma za m'thumba.

Osewera ndimawamveranso chisoni, ngakhale malipiro awo ndi athu n'zosayerekezeka. Matimu anasamukira kumpoto koma Springboks, timu ya dziko la South Africa, inatsalira kumwera, ikusewerabe ndi New Zealand, Australia ndi Argentina miyezi imene osewera a ku Ulaya akupuma. Ikatha imeneyo, November amapita ku Ulaya. Thupi la munthu lipuma liti? Loweruka lino akusewera padzuwa loswa mtengo la January ku Pretoria, Loweruka linalo ali m'chisanu cha ku Glasgow, atayenda ulendo wautali wodzera ku Doha. N'chifukwa chake makochi amasiya akatswiri kunyumba. Mu April 2024 Bulls inatumiza timu yachiwiri ku Northampton pa ndime ya makotafainolo a Champions Cup, n'kukakwapulidwa 59-22. Masewero otero makasitomala amanyamuka asanathe, atakwiya, ndipo mkwiyo wawo umathera pa ife onyamula mathireyi.

Ena anatayidwiratu. Cheetahs ya ku Bloemfontein ndi Southern Kings ndiwo anayamba kupita ku Ulaya mu 2017 atachotsedwa mu Super Rugby. Kings inagwa ndi ngongole mu 2020, ndipo Cheetahs anaikankhira kunja kuti akuluakulu anayi aja alowe. Ndimaganizira ogulitsa soseji, olondera magalimoto ndi oyeretsa pa bwalo la ku Bloemfontein. Currie Cup, mpikisano wakalekale umene unkadzaza mabwalo, lero umaseweredwa akatswiri palibe.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti timu yonse ingasamuke kuchoka mbali ina ya dziko lapansi kupita ina, anthu n'kumati ndi nzeru za bizinesi. Mmalawi akasamuka kufunafuna malipiro abwino, ndi kwerekwere. Ngakhale Tendai Mtawarira, wobadwira ku Harare, amene bwalo lonse linkamufuulira kuti "Beast", mu 2010 anamuimitsa kuvala jezi ya Springboks mpaka atapatsidwa unzika. Ngati anavutitsa ameneyo, kuli bwanji ine?

Bwana akuti tchuthi ndizitenga mu July ligi ikatha. July ndikatani kumudzi, chimanga chili kale m'nkhokwe? Komanso July yemweyo ndi pamene mayiko a ku Ulaya amabwera kudzasewera ndi Springboks, bala n'kudzazanso, iye n'kuyambanso zoti tidikire kaye.