Jimunasitiki ku China ndi ku Japan: timu ya dziko amaisankha bwanji?

Ku China, mnyamata wa jimunasitiki amayamba ali wamng'ono kusukulu ya masewera ya boma, ngati ya Li Xiaoshuang ku Xiantao m'chigawo cha Hubei. Akaoneka kuti ali ndi luso amakwera kutimu ya chigawo, kenako kukampu ya dziko ku Beijing. Pa mpikisano wa dziko lonse wa chaka ndi chaka, komanso pa National Games omwe amachitika zaka zinayi zilizonse (mu 2021 anachitikira ku Shaanxi), aliyense amaimira chigawo chake: Zhang Boheng ndi wa Hunan, Xiao Ruoteng wa Beijing, Zou Jingyuan wa Sichuan. Chigawo chimawerenga mendulo, ndiye katswiri wa chipangizo chimodzi chochitira jimunasitiki amasamalidwa ngati dzira. Zotsatira za mipikisanoyi zimawerengedwa ndithu, koma timu ya Olympics amaitsiriza ndi makochi, atayesanso anyamatawo mkati mwa kampu.

Ku Japan ana amakulira m'makalabu, kusekondale ndi kuyunivesite ngati Juntendo, kenako m'matimu a makampani monga Central Sports ndi Tokushukai. Kusankha kumachitika poyera: mapointi a mpikisano wa All-Japan Championships amaphatikizidwa ndi a mpikisano wa NHK Trophy, ndipo malo oyamba amapita kwa ochita bwino pa zipangizo zonse zisanu ndi chimodzi. Malo otsala ndi amene amapatsidwa kwa akatswiri a zipangizo zimene timu ikufooka.

Kusiyanaku kunaonekera pa fainolo ya matimu a amuna pa Olympics ya ku Paris mu 2024. Timu inali ya anthu asanu. Pachipangizo chilichonse amakwera atatu ndipo mapointi a onse atatu amawerengedwa. Palibe chotaya. China inabwera ndi Liu Yang, katswiri wa mphete zolendewera, ndi Zou Jingyuan, amene pa zitsulo ziwiri zoyandikana palibe womufika. Koma awiriwa sakwera chitsulo chapamwamba. Choncho kumeneko kunatsala Zhang, Xiao ndi Su Weide, yemwe analowa mochedwa m'malo mwa Sun Wei atavulala.

Pofika pachitsulocho, chomwe chinali chomaliza, China inali patsogolo ndi mapointi oposa atatu. Su anagwa kawiri. Kugwa kumodzi kumadula 1.0, ndipo si zokhazo: ngati manja sanagwire chitsulo pobwerera kuchokera m'mwamba, oweruza sawerenga luso lomwe amayesalo, ndiye mapointi a kuvuta kwa sewerolo amatsikanso. Japan inapambana ndi 259.594, China 259.062.

Ambiri anamuloza chala Su, koma Hashimoto Daiki wa ku Japan naye anagwa pa pommel horse (chipangizo chonga msana wa hatchi chokhala ndi zogwirira ziwiri) usiku womwewo, Japan n'kupirira. Vuto la China linali loti inalibe munthu wachinayi woti n'kumuika pachitsulo. Njira yawo inabweretsabe golide wa Liu pa mphete ndi wa Zou pa zitsulo ziwiri, pamene golide wa zipangizo zonse anatenga Oka Shinnosuke wa ku Japan, amene anapambana NHK Trophy chaka chomwecho.