Kuphunzitsa galamala ya Chingelezi ku Japan ndi ku South Korea: kusiyana kuli pati?

Mayiko awiriwa angolekanitsidwa ndi nyanja, ndipo onse amalemba aphunzitsi akunja m'sukulu za boma: Japan kudzera m'pulogalamu ya boma yotchedwa JET kuyambira 1987, South Korea kudzera m'pulogalamu yake yotchedwa EPIK kuyambira 1995. Koma wofika ndi maganizo oti akaima kutsogolo n'kumamasulira malamulo a Chingelezi monga anachitira aphunzitsi ake amakhumudwa sabata yoyamba yomwe. Konsekonse kufotokoza lamulo ndi ntchito ya mphunzitsi wa komweko, m'chinenero cha anawo. Ya mlendo ndi yoti lamulolo lichoke m'kope lifike pakamwa.

Khomo lolowera ndilo limayamba kusiyana. Visa ya E-2 ya ku Korea, yomwe ndi ya aphunzitsi a zinenero zakunja, kwa ophunzitsa Chingelezi makamaka ndi ya nzika za mayiko 7: United States, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Japan siyang'ana pasipoti kwambiri chotero. Pa visa yake ya aphunzitsi a m'sukulu, yotchedwa Instructor, imafuna digiri komanso umboni woti munaphunzira m'Chingelezi zaka 12.

Ku Korea Chingelezi chimayamba giredi 3 kuyambira 1997, ndipo masiku ano ndi mapiriyodi awiri pa sabata m'giredi 3 ndi 4, atatu m'giredi 5 ndi 6, iliyonse ya mphindi 40. Japan inachedwa. Chinasanduka phunziro lenileni m'giredi 5 ndi 6 mu 2020, mapiriyodi 70 pa chaka a mphindi 45, pomwe a giredi 3 ndi 4 ali ndi 35 okha, amasewera ndi nyimbo. Mwana wa giredi 6 ku Japan amanena "I went to the sea" ngati mawu oloweza, osauzidwa kuti went ndi mwana wa go. Zimenezo amakazimva ku sekondale. Mukamufotokozera msanga mwalowa m'munda mwa eni. Ku Korea vuto ndi lina: ana ambiri madzulo amapita ku masukulu olipira otchedwa hagwon, choncho m'kalasi imodzi muli wodziwa kale "have been" ndi wina amene akulimbana ndi afabeti. Ntchito imodzimodziyo muikonze pawiri, yofewa ndi yolimbirapo, apo ayi theka la kalasi ligona.

Ku Japan mlendo ndi wothandizira chabe, ndipo ena amangogwiritsidwa ntchito ngati wailesi yowerenga mawu a m'buku. Ku Korea, ngakhale mphunzitsi mnzanu amayenera kukhalamo, nthawi zambiri phunziro mumaliyendetsa ndinu, mapiriyodi 22 pa sabata pa mgwirizano wa EPIK. Wofuna kukula pantchito apeza mpata ku Korea; wongoyamba kumene Japan imusunga bwino.

Pa zolakwa za ana m'pomwe wolankhula Chichewa ali ndi mwayi umene Mngelezi alibe. Chijapanizi ndi Chikoreya zonse zilibe a, an ndi the, monganso Chichewa, ndiye amene anavutikira timawu timeneti amadziwa pomwe pamaterera. Musanene kuti the ndi ya chinthu "chodziwika", mwana samva. Ikani mabuku asanu patebulo, nenani "Give me a book", landirani lililonse. Kenako siyanipo limodzi, nenani "Give me the book". Bwerezani ndi zolembera. Kuyankha funso lokana nakonso n'chimodzimodzi ndi kwathu: mukafunsa "Don't you like milk?" mwana amati "Yes" kutanthauza "Eya, sindiukonda". Sanalakwitse kuganiza, watsata chinenero chake. Mankhwala ake ndi kukana yankho la liwu limodzi: anene "No, I don't" lonse mpaka lizolowereke. Ndipo monga school inasanduka sukulu, ana a ku Japan amawonjezera lembo la liwu kumapeto, played n'kukhala pureido. A ku Korea amawonjezera kaliwu kofupika pambuyo pa s, d kapena t. Apa katchulidwe kamasanduka nkhani ya galamala, chifukwa -s ndi -ed ndi zimene zimasonyeza kuchuluka ndi nthawi.

Pomwe Chichewa sichikuthandizani ndi pa dongosolo la mawu. Ife timati "Mwana wadya nsomba", mneni pakati ngati m'Chingelezi. Iwo amati "Mwana nsomba wadya", mneni kumapeto, ndipo mperekezi amabwera pambuyo pa dzina. Dulani makadi a mitundu itatu, wa mwininkhani, wa mneni ndi wa pamtherankhani, mtundu uliwonse usasinthe chaka chonse. Ana atatu agwire makadi kutsogolo, anzawo awauze poima. Kawirikawiri mwininkhani amasowa, popeza kwawo amamusiya akadziwika. Khadi likatsala m'manja, mwana amaona yekha.

Piriyodi imodzi, lamulo limodzi. Mphindi 5 zobwereza za dzana, 10 zosonyeza ziganizo zitatu pabolodi, 15 ana akuyeserera awiriawiri, zotsalazo alembe ziganizo zawozawo. Musaloze mwana mmodzi asanayesere ndi mnzake. Ku Japan makamaka adzangoti zii, n'kutembenukira kwa woyandikana naye, ndipo ameneyo si mwano koma kuopa kuchita manyazi pagulu. A ku Korea amayankha msanga, ndipo masewera ampikisano amawatenthetsa mpaka lamulo lija kuiwalika, choncho mapointi aziperekedwa pa chiganizo cholondola, osati pa liwiro. Wina akati "She like cats", musaimitse kalasi, nenani "Oh, she likes cats?" mukukweza -s, iye abwereze.

Pochonga samalani. Konse kuwiri yankho lolondola limazunguliridwa ndi mzere wozungulira, ndipo ku Japan kachizindikiro kochongera kamene ife timati wakhoza nthawi zambiri kamatanthauza kuti walakwa. Mwana akhoza kulira ndi pepala lomwe wakhoza zonse. Ku Korea cholembera chofiira chongerani mayankho, koma musalembere dzina la mwana, chifukwa dzina lofiira amaliona ngati la womwalira.