Chimfine chinalowera pakhomo limene sindinkalondera

Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi poti ndi za m'nyumba, koma kuzizira kwayamba kale kumveka m'mawa muno mu Lusaka, ndiye ndingonena.

Chaka chatha mu Malichi amayi anga anabwera kuchokera ku Katete ali ndi chotupa m'bere chimene anakhala nacho miyezi osauza munthu. Atawapima, anati ndi khansa. Amene munafikapo ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH paja, mukuwadziwa mabenchi aja: wina wachokera ku Mongu, wina ku Kasama, wina ku Lundazi, aliyense ndi kachikwama kake ndi wachibale womudwazika. Chitsegulireni chipatalachi mu 2007, odwala khansa a m'zigawo zonse akhala akuthamangira pamenepo. Ife mwayi wathu unali woti timakhala ku Chilenje, si patali.

Anawayambitsa kemo, mankhwala aja olimbana ndi khansa, diripi imodzi pa masabata atatu alionse. Anesi anandikhazika pansi n'kundifotokozera bwinobwino kuti mankhwalawa sasankha. Amapha zonse zokula msanga m'thupi, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka ndiponso m'kamwa mumatuluka zilonda, ndipo asilikali a m'magazi nawonso amatsika, makamaka pakapita sabata imodzi kapena awiri chilandirireni diripi. Anati ndigule choyezera kutentha kwa thupi, ndipo chikangofika pa 38 ndibwere nawo nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, osayamba ndawamwetsa Panado n'kudikira kuti kuche.

Ndinamvera ngati mwana wa sukulu. Madzi owiritsa, ndiwo zopsa bwino, sopo pakhomo. Kolera ya mu 2024 inali itatiphunzitsa kale za kusamba m'manja, ndiye zimenezo sizinavute. Chinavuta ndi alendo. Kwathu munthu akadwala, abale amabwera kudzazonda, ndipo wosabwera amanenedwa mpaka pamaliro. Ine ndinasanduka wapolisi wa pakhomo. Tsiku lina azakhali anga a ku Mandevu anafika atanyamula nkhuku ndi chigubu cha thobwa, akutsokomola m'nsonga ya chitenje. Ndinawaikira mpando panja n'kutsegula zenera kuti azilankhulana ndi amayi ali pomwepo. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mwana, kodi mlamu wangayo wasanduka wako wekha? Matenda amazondera pazenera?"

Anasiya nkhuku ija pansi n'kunyamuka osamwa ndi madzi omwe. Ine mumtima ndinkadziyamikira kuti ndateteza amayi.

Mu Juni, mwana wanga wa giredi 4 anabwera kuchokera kusukulu akuti mutu ukuwawa, thupi lili ngati mbaula. Patapita masiku awiri chinandigwira ine: msana, miyendo, maso, zonse kuphwanya. Koma phala akanaphika ndani? Akanawasambitsa amayi ndani? Ndinkagona nawo chipinda chimodzi kuti ndiziwamva akafuna kudzuka. Ndinamwa jinja ndi mandimu, ndinafunda bulangeti pa mphika wa masamba a bulugamu, n'kumati n'chimfine chabe, chitha. Tsiku lakhumi chilandirireni diripi yachitatu, cha m'ma 2 koloko usiku, ndinamva bedi likugwedera. Amayi akunjenjemera, mano akugundana, mpweya ukutuluka modukizadukiza. Choyezera chija chinalemba 38.9. Ndinachigwedeza ngati chalakwitsa, n'kuyezanso. Chimodzimodzi.

Anagonekedwa masiku asanu ndi atatu, ali ndi chibayo, paipi ya okosijeni ili m'mphuno. Anachira, tithokoze Mulungu. Koma diripi yachinayi inachedwa ndi masabata atatu, ndipo ichi n'chimene chimandiwawa mpaka lero, chifukwa khansa siiima kudikira kuti munthu achire chifuwa. Tili m'wodi muja adokotala anandifunsa ngati pakhomo pathu pali amene anabayitsa katemera wa fuluwenza. Ndinangoti kakasi. Zaka zonsezi ndinkadziwa wa chikuku, wa poliyo, wa kafumbata, koma wa chimfine ayi.

Ine ndikuona kuti vuto lathu likuyambira pa dzina. Mphuno ikamachucha timati chimfine, munthu akagwa pabedi sabata yathunthu timatinso chimfine. Koma fuluwenza ndi kachilombo kakekake, ka mitundu ya A ndi B, kamene kamabwera mwadzidzidzi ndi kutentha thupi ndi kuphwanya, ndipo kwa wofooka kamatsikira m'mapapo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 amafa padziko lonse ndi matenda a m'chifuwa obwera ndi fuluwenza. Chinanso choipa n'choti munthu angayambe kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kuti iye amve kudwala. Ndiye ulonda wanga uja wa pakhomo unali woyang'ana amene akutsokomola kale. Amene tinkadya nawo mbale imodzi sindinawawerengere, kuphatikizapo ineyo amene ndimakwera minibasi yotseka mawindo onse kuchokera ku tauni madzulo alionse a mu Juni.

Apa ndi pamene pali maganizo anga, ndipo ena andinena: ngati m'nyumba muli munthu wa pa kemo, woyamba kuima pamzere wa katemerayu akhale womudwazika, pamodzi ndi onse ogona m'nyumbamo, ana omwe. Mwana amaloledwa kubayidwa kuyambira miyezi isanu ndi umodzi. Wodwalayo nayenso amafunika kubayidwa, koma thupi lake lili kale pa nkhondo, ndiye mwina silingapange chitetezo chokwanira ngati mmene lingapangire la munthu wathanzi. Chimene thupi lake lalephera, tikwaniritse ndife omuzungulira. Tsiku lomubayira iyeyo asankhe ndi adokotala ake, chifukwa amayang'ana pamene afika ndi madiripi komanso mtundu wa mankhwala. Musapite naye ku famasi mwa nokha. Ndipo akhale wa jakisoni. Kuli wina wopopera m'mphuno wokhala ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, umenewo si wa anthu amene chitetezo chawo chatsika.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe mu makomenti. Wina ati anabayitsa kenako anadwala chimfine chomwecho. Wa jakisoniyu alibe kachilombo kamoyo, sangakupatseni fuluwenza. Mkono umawawa tsiku limodzi kapena awiri, ena thupi limafunda pang'ono, basi. Koma amatenga pafupifupi masabata awiri kuti agwire ntchito, ndiye mukabayitsa m'nyumba muli kale odwala, musanamizire jakisoni. Komanso satchinga zimfine zina zambirimbiri za tizilombo tina, ndipo ngakhale fuluwenza yeniyeniyo saitchinga yonse. Amachepetsa mpata woitenga, ndipo ukaitenga nthawi zambiri siikugwetsa kwambiri. Kwa ine amene ndinakhala pa mpando wapulasitiki usiku ndikuwerenga mpweya wa amayi anga, kuchepetsako n'kokwanira.

Wina ati bwanji chaka chilichonse, si malonda amenewo? Kachilomboka kamasintha maonekedwe, ndiye katemera amakonzedwanso. A WHO amasankha kawiri pa chaka mitundu yoti ilowemo: mu Febuluwale ya maiko a kumpoto, mu Seputembala ya ife a kum'mwera, amene kuzizira kwathu kumabwera pakati pa chaka. N'chifukwa chake nthawi yabwino kuno ndi Epulo kapena Meyi, Juni asanafike, ndipo ndi bwino kufunsa ngati amene akukubayaniyo ndi wa chaka chino.

Za ndalama ndiye sindikana. Katemerayu sali pa khadi la kusikelo lija, ife tinachita kulipira kuchipatala chapulaiveti, ndipo banja limene likudwazika khansa limakhala litauma kale ndi zoyendera ndi zakudya. Ndikanakonda akuluakulu a zaumoyo atalingalira zoti wodwala wa pa kemo ndi womudwazika mmodzi azibayidwa ulere. Koma pamene tikudikira zimenezo, tiyeni tinene chilungamo. Pa gulu la WhatsApp la banja lathu, maliro akangolengezedwa ndalama za bokosi ndi basi yopita kumudzi zimasonkheka tsiku limodzi. Nditalemba kuti tisonkhe za majakisoni anayi, anthu anawerenga n'kukhala chete, wina n'kutumiza chithunzi cha manja opemphera. Anatumiza ndalama ndi achimwene anga okha a ku Kabwe.

China chimene ndinaphunzira mochedwa: kuli mankhwala a fuluwenza otchedwa oseltamivir amene amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku awiri oyambirira. Ndikanauza anesi tsiku limene mwana anadwala, m'malo mofunda bulangeti pa mphika, akanatiuza chochita. Mwina akanangoti ndisamuke m'chipinda cha amayi, ndivale masiki aja tinaponya m'madirowa COVID itatha, ndiitane wina adzaphike phala.

Sabata yatha tinapita anayi kukabayitsa katemerayu: amayi, ine, bambo a ana ndi mwana wanga uja, amene analira asanaone ndi singano yomwe. Amayi anamaliza kemo, tsitsi layamba kumera lotuwa lofewa ngati la khanda, ndipo akundivutitsa kale kuti akufuna akaone mtedza wawo ku Katete. Azakhali a ku Mandevu za jakisoni anakana, akuti ya COVID ija inawakwana. Koma dzulo anaimba foni.

"Uwauze alamu anga kuti sindibwera Loweruka, ndili ndi kachifuwa. Nkhuku ndituma mnyamata, aisiye pageti."